Kuyeza Magazi Pambali pa Bedi la Wodwala

Kuyeza magazi pambali pa bedi ndi njira imene achipatala amatsata m'zipinda zolandirira odwala mwakayakaya. M'malo motumiza magazi ku labotale ndi kudikira nthawi yaitali, namwino amabaya chala, natenga kadontho ka magazi n'kuyeza pomwepo.

Kachipangizo koyezera shuga kamapereka yankho m'masekondi owerengeka. Izi n'zofunika kwa mwana wokomoka, pakuti shuga akatsika kwambiri ubongo umawonongeka, chikhalirecho kumupatsa shuga kudzera mumtsempha kungathe kumutsitsimutsa. Makina a HemoCue, ochokera ku Sweden, amasonyeza ngati magazi achepa kwambiri kotero kuti wodwala aikidwe ena. Poyeza malungo, yankho limatuluka pa mphindi 15 mpaka 20. M'chaka cha 2010 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo aziyezedwa asanalandire mankhwala.

Komabe zipangizozi sizilowa m'malo mwa labotale, ndipo timapepala take timawonongeka tikasungidwa potentha. Tikumbukirenso kuti yankho lofulumira silipindulira wodwala amene tamugoneka kunyumba masiku atatu. Tikaona m'bale wathu wafooka, tiyeni tizithamangira naye kuchipatala osazengereza.