Mabuku Obwerezedwa ndi Mbiri ya Chichewa Cholembedwa

1. Mawu oyamba

Pofotokoza mbiri ya Chichewa cholembedwa, ife ofufuza za ziyankhulo timakonda kuyambira pa mabuku otanthauzira mawu ndi a malamulo a chiyankhulo. Timatchula buku la Johannes Rebmann la 1877, la David Clement Scott la 1892 limene Alexander Hetherwick analikonzanso mu 1929, ndiponso galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937, imene mawu ake anaperekedwa ndi Kamuzu Banda pamene anali wophunzira ku Chicago. Mabuku amenewa ndi ofunika ndithu, koma analembedwera alendo ndi akatswiri, ndipo munthu amawatsegula pofuna liwu limodzi, akalipeza n'kutseka.

M'nkhani ino tifuna kuona mabuku a mtundu wina, amene eni chiyankhulo anawawerenga, nawabwereza kufikira masamba atathothoka. Maganizo athu ndi akuti chimene wowerenga wamba amachimva kuti ndicho Chichewa cha m'buku chinaumbidwa kwambiri ndi mabuku owerengeka obwerezedwawa. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Buku limene munthu waliwerenga kamodzi limamsiyira nkhani yokha, pamene buku limene walibwereza kakhumi limamsiyira mawu, kalembedwe ndi kalumikizidwe ka ziganizo, kotero kuti tsiku lolemba kalata kapena lopemphera pagulu amatunga m'chitsime chomwecho osadziwa. Kubwereza kotereku kwachitika m'malo atatu: m'tchalitchi, m'sukulu, ndi pakhomo pa nthawi yopuma.

2. Buku la m'tchalitchi

Palibe buku la Chinyanja limene labwerezedwa kuposa Buku Lopatulika. Mu 1900 amishoni a mipingo ingapo anakhazikitsa komiti yomasulira Baibulo limodzi loti litumikire anthu a kumwera ndi a pakati pa dziko la Nyasaland. Ntchito yaikulu inagwiridwa ndi William H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi Hetherwick wa ku Blantyre ndi aphunzitsi a kuno amene ankafunsidwa za mawu. Chipangano Chatsopano chinatuluka mu 1907, ndipo Baibulo lonse linatha mu 1922. A mishoni ya UMCA anatsata njira yawo, namasulira m'Chinyanja cha ku Likoma.

Chiyankhulo cha Buku Lopatulika sichinali cha mudzi umodzi. Omasulira anasakaniza Chimang'anja cha kumwera ndi Chichewa cha m'chigawo cha pakati, ndipo m'malo ambiri anatsata kayalidwe ka ziganizo ka ziyankhulo zimene ankamasulirako. Chotsatira chake chinali chiyankhulo chimene palibe anachiyamwa kwa mayi wake, komabe mibadwo inachiphunzira pochimva sabata ndi sabata, m'kalasi ya ubatizo, pamaliro ndi pa mapemphero a m'banja. Ndimo mudakhazikika mawu monga "pakuti" ndi "indetu" pa nkhani zolemekezeka, ndiponso chizolowezi cholumikiza zochitika ndi "na-" monga mu "napita" ndi "nanena". Ndimo anthu anazolowera kuona "cace" ndi "wace" pamene lero timalemba "chake" ndi "wake".

Mphamvu ya kubwereza inaonekera poyera pamene mabaibulo ena anafika. Akatolika anasindikiza Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 linatuluka Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi m'Chichewa chapafupi ndi choyankhulidwa. Kwa katswiri wa zomasulira, Buku Loyera ndi lomveka bwino. Komabe akhristu ambiri anakakamira Buku Lopatulika, ndipo ena anadandaula poona dzina la Chauta pamalo pamene anazolowera kuwerenga Yehova. Khutu lozolowera limamva chachilendo ngati cholakwika, ngakhale chachilendocho chitakhala cha kwawo kwenikweni. Ichi ndi chinthu choyamba chimene wokonza za chiyankhulo ayenera kuchisunga.

3. Mabuku a m'sukulu

Malo achiwiri a kubwereza ndi sukulu. Kuno mwana sabwereza buku mwa kufuna kwake, koma chifukwa cha mayeso. Komatu zimene wabwereza zimakhala naye kufikira ukalamba. Mabuku oyamba a mtundu umenewu anachokera makamaka ku Nkhoma. M'zaka za m'ma 1930 Kumakanga anasonkhanitsa miyambi ndi nthano zake m'buku la Nzeru za Kale. Mu 1933 linatuluka buku la Nthondo la Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limene linapambana mphoto pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 pansi pa dzina la Man of Africa. Bukuli likulondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, ubwana wake wopulupudza, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kufikira atabwerera kwawo, nalowa ufumu ndi Chikhristu.

Nthara anaonetsa kuti Chichewa cha kumudzi, chokhala ndi miyambi ndi zining'a zake, chingathe kunyamula nkhani yaitali yopeka. Pambuyo pake analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, imene inamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Kuchokera kumwera, E.W. Chafulumira analemba Mbiri ya Amang'anja, Kazitape ndi Kantini. Kuyambira mu 1948 ofesi yosindikiza mabuku ya maiko awiri a Northern Rhodesia ndi Nyasaland inathandiza kuti mabuku a Chinyanja afike m'sukulu za mbali zonse ziwiri za malire, kotero kuti mwana wa ku Katete ndi mwana wa ku Dowa ankatha kukula ndi buku limodzi.

Dziko litalandira ufulu, John W. Gwengwe anatulutsa Sikusinja ndi Gwenembe ndiponso Kukula ndi Mwambo mu 1965, ndipo E.J. Chadza anali atatulutsa kale Ntchito za Pakamwa. Mabuku amenewa ndiwo amatchulidwa kawirikawiri anthu a msinkhu wina akamakumbutsana za ku sukulu. Tiyenera kuzindikira kuti ambiri mwa olemba ake anali aphunzitsi, ndipo ankalemba ndi cholinga cholangiza. N'chifukwa chake Chichewa cha m'buku chinatenga liwu la mlangizi: ziganizo zodekha, mwambi pamapeto pa ndime, ndi woipa wolandira chilango chake nkhani isanathe.

4. Chaka cha 1968 ndi zotsatira zake

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti dzina la Chinyanja lisinthidwe kukhala Chichewa, ndi kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo ana a kumpoto anayamba kubwereza mabuku a chiyankhulo chimene sichinali cha pakhomo pawo. Mu 1972 boma linakhazikitsa Bungwe la Chichewa, limene linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, mu 1980 ndi mu 1990.

Bungweli linapambana pa zilembo. Ku Malawi "ch" analowa m'malo mwa "c", pamene ku Zambia "c" anatsala, kotero kuti mabuku a mbali ziwiri za malire anayamba kusiyana maonekedwe. Koma mtanthauziramawu amene Bungwe linayembekezeka kulemba sanatuluke m'nthawi yake. Bungwe linathetsedwa mu 1995, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja anasindikizidwa mu 2000 ndi likulu lofufuza za ziyankhulo limene linakhazikitsidwa mu 1996 pa Yunivesite ya Malawi. M'zaka zonsezo, mphunzitsi wofuna kudziwa ngati liwu ndi loyenera ankatsegula Nthondo, Kukula ndi Mwambo kapena Baibulo. Mabuku obwerezedwa ndiwo anagwira ntchito ya mtanthauziramawu.

M'nyengo yomweyo munabadwa malo achitatu a kubwereza, ndiwo kuwerenga kongosangalala. Magazini ya Moni inayamba mu 1964, ndipo pambuyo pake a Popular Publications ku Limbe ndi a Dzuka ku Blantyre anayamba kusindikiza timabuku ta nkhani zopeka totsika mtengo. M'zaka za m'ma 1980 anthu anawerenga Madzi Akatayika ndi Njala Bwana a Willie Zingani, Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a Jolly Max Ntaba, ndiponso nkhani za Whyghtone Kamthunzi. Ena mwa maina a mabukuwa ndi zidutswa za miyambi zimene wowerenga amamaliza yekha mumtima, chizindikiro chakuti olembawa anakulira pa mabuku a alangizi aja. Komabe iwo analowetsa m'buku tauni, ofesi, basi ndi chikondi cha achinyamata, pamodzi ndi mawu obwerekera amene Bungwe silinkawakonda. Popeza lamulo la 1968 loyang'anira zofalitsa linkaopseza wolemba aliyense wokhudza ndale, nkhani zambiri zinakhazikika pa za m'banja ndi za makhalidwe. Timabuku timeneti tinkayenda m'manja ambiri mwa kubwerekana, ndipo buku limodzi linkatha kuzungulira chipinda chonse chogona ana a sukulu.

5. Zimene tiphunzirapo

Lero anthu ambiri amawerenga Chichewa pa foni: mauthenga a pa WhatsApp, nkhani za pa Facebook, ndi Baibulo lenilenilo. Zambiri mwa zolembedwa zimenezi zimawerengedwa kamodzi n'kuiwalika, ndipo kalembedwe kake n'kosiyanasiyana. Kuwonjezera apo, mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Zoterezi zikutanthauza kuti mabuku ochepa amene anthu amabwerezabe ali ndi udindo waukulu kuposa kale. Buku Lopatulika linasindikizidwanso m'kalembedwe katsopano, ndipo Nthondo anapezekanso pa mndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE patapita zaka zoposa 80 chilembedwere. Koma mabuku ambiri amene tatchula m'nkhani ino ndi ovuta kuwapeza m'sitolo, ndipo mwana amene wamva makolo ake akuwatama sangathe kuwawerenga.

Choncho tipereka maganizo anayi kwa okonza ndondomeko ya chiyankhulo. Choyamba, kusindikizanso mabuku okondedwa kuonedwe ngati mbali ya ntchito yokonza chiyankhulo, pakuti lamulo la kalembedwe limakhazikika pokhapokha likalowa m'buku limene anthu adzalibwereza. Chachiwiri, posindikizanso tisinthe zilembo mosamala, koma mawu ndi ziganizo za wolemba tizisiye monga anazilembera, ndipo makope akale asungidwe kuti wofufuza wa m'tsogolo adzaone mmene chiyankhulo chasinthira. Chachitatu, mabuku onsewa aikidwe m'kompyuta monga nkhokwe ya mawu, kuti wolemba mtanthauziramawu azipereka zitsanzo zochokera kwa Nthara, Chafulumira, Gwengwe ndi Zingani m'malo mopeka zake. Chachinayi, popeza owerenga a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anamwa m'chitsime chimodzi, kusintha kulikonse kwa kalembedwe kuzikambidwa ndi mbali zonse, kuti buku losindikizidwa ku Lusaka liwerengeke mosavuta ku Lilongwe ndi ku Angonia.

Pomaliza tinene kuti kafukufuku amene akufunika poyamba ndi wapafupi. Tipite kwa aphunzitsi, kwa alaliki, kwa olemba nkhani ndi kwa ana a sukulu, tikawafunse mafunso awiri: buku la Chichewa limene akuwerenga tsopano, ndi buku limene analiwerenga koposa kamodzi. Mayankho a funso lachiwiri adzatisonyeza mabuku oyenera kuyamba kusindikizidwanso, ndiponso Chichewa chimene owerenga adzagwiritsa ntchito poyesa malamulo athu.