Mtengwa wa ku Spain: Catherine wa ku Aragon ndi Mlandu wa Ukwati Wake

M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, nyengo imene akatswiri a mbiri amaitcha Renaissance chifukwa cha kutsitsimuka kwa maphunziro a Chilatini ndi Chigiriki ku Ulaya, mwana wamkazi wa mfumu sankaleredwa kuti adzakhale kwao. Mafumu awiri akapangana za mtendere kapena zothandizana pa nkhondo, chikole cha panganolo chinali mwana wamkazi, amene ankamuolotsa nyanja kuti akakwatiwe ndi munthu amene sanamuonepo. Kwathu kuno mkazi wopita ku chitengwa amakhala ndi ankhoswe ake pafupi, ndipo banja likamuwawa njira ya kwao amaidziwa. Mtengwa wachifumu wa masiku amenewo analibe njira yobwerera. Catherine wa ku Aragon anachoka ku Spain m'chaka cha 1501 asanakwanitse zaka 16, ndipo sanapondenso dziko lakwao kufikira imfa yake. Kukhala kwake mlendo ku England kunamuteteza, komanso n'kumene kunaononga mlandu wake.

Iye anabadwa pa 16 Disembala 1485 ku Alcalá de Henares, ndipo anali chitsiriza cha Ferdinand mfumu ya Aragon ndi Isabella mfumukazi ya Castile. Ali ndi zaka zitatu zokha, pangano la ku Medina del Campo la m'chaka cha 1489 linamulonjeza kwa Arthur, mwana wachisamba wa Henry VII wa ku England. Ferdinand ankafuna bwenzi lomuthandiza kupanikiza France. Henry VII naye anali atalanda ufumu pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485, choncho ankasowa mpongozi wa magazi achifumu osakayikitsa, ndipo Catherine anali mdzukulu wakutali wa John of Gaunt, mwana wa Edward III wa ku England komweko. Isabella anaphunzitsa ana ake aakazi mofanana ndi ana aamuna: Chilatini, Malembo Oyera, zolemba za Makolo a Eklezia ndi malamulo, osaiwala kusoka. Malaya a mwamuna wake Catherine ankasoka yekha, ndipo anapitiriza kutero ngakhale pamene mwamunayo anali atayamba kale kumukana.

Anafika pa doko la Plymouth pa 2 Okutobala 1501, ndipo ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi la St Paul's ku London pa 14 Novembala. Pa 2 Epulo 1502 Arthur anamwalira ku Ludlow ali ndi zaka 15. Banja lonselo silinakwanitse miyezi isanu.

Zimene zinatsatira ndi zaka zisanu ndi ziwiri zosautsa. Kumeneko mwambo unali wakuti chuma chichokere kuchikazi, ndipo theka lokha la chumacho n'limene linali litaperekedwa. Henry VII sanafune kubweza theka limene analandira, Ferdinand sanafune kutulutsa theka lotsala, ndipo namfedwa wachichepereyo anakhala pakati ngati katundu wa pinyolo. Anagwirizana kuti adzakwatiwe ndi Henry, mng'ono wa malemuyo, ndipo Papa Julius II anapereka chilolezo m'kalata ya Disembala 1503. Koma Isabella atamwalira mu 1504, Castile inapita kwa Juana, mkulu wake wa Catherine, ndipo mtengo wa Catherine pa msika wa maukwati achifumu unatsika. Anafika pogulitsa ziwiya zake zasiliva kuti adyetse antchito ake. Komabe m'masautso omwewo anaphunzira ndale, pakuti mu 1507 bambo wake anamuika kukhala kazembe wake ku England, udindo umene masiku amenewo sunkapatsidwa kwa akazi.

Henry VIII atalowa ufumu anamukwatira pa 11 Juni 1509 ku Greenwich, ndipo anavekedwa zisoti zachifumu limodzi pa 24 Juni. Anthu ambiri amakumbukira mathero a banjali nkuiwala kuti linakhala zaka pafupifupi 18 mlandu usanabuke, ndipo kuti pa zaka zimenezo mtengwa uja anasanduka mwini mudzi. Mu 1513, mfumu ili ku nkhondo ku France, dziko linasiyidwa m'manja mwake. James IV wa ku Scotland anapezerapo mpata woukira, koma asilikali a Angerezi anamugonjetsa ndi kumupha ku Flodden pa 9 Seputembala, ndipo Catherine anatumiza chovala chamagazi cha mfumu yophedwayo kwa mwamuna wake. Sanali mayi wofatsa wa pa zithunzi za oyera ayi. Anali mwana wa Isabella. Mu Meyi 1517 anyamata a ku London anachita chipolowe choukira alendo okhala mumzindamo, ndipo zolemba za nthawiyo zimanena kuti mfumukazi, mlendo mnzawo wa omenyedwawo, inagwada kupempha mfumu kuti iwakhululukire. Juan Luis Vives anapereka kwa iye buku lake lonena za maphunziro a mkazi wachikhristu, ndipo Erasmus anachita chimodzimodzi mu 1526 ndi buku lonena za ukwati wachikhristu. Chaka chotsatira ukwati wa mwini wake unayamba kuzengedwa.

Gwero la zonse linali nkhani ya ana. Catherine anaima kosachepera kasanu ndi kamodzi. Mwana wamwamuna amene anabadwa pa 1 Januwale 1511 anakhala masiku 52 okha. Amene anakula ndi mmodzi, Mary, wobadwa pa 18 Febuluwale 1516. Tisafulumire kunena kuti Henry ankangotsata chilakolako cha Anne Boleyn, ngakhale kuti chilakolakocho chinalipo. Bambo wake anatseka nkhondo ya pachiweniweni ya zaka zambiri yolimbirana ufumu, ndipo nthawi yokha imene mkazi, Matilda, anayesa kulamulira England m'zaka za m'ma 1100, dziko linagawanika. Mantha akewo anali enieni. Cholakwa chinali chakuti anawaveka chovala cha Malembo Oyera.

Mfundo yake inatsamira pa Levitiko 18:16 ndi 20:21, pamene Chilamulo chimaletsa munthu kutenga mkazi wa mbale wake ndi kuchenjeza kuti otero adzakhala opanda ana. Henry anati imfa za ana ake zinali chilango chimenecho, ndipo kuti lamuloli n'la Mulungu mwini, loti ngakhale Papa sangamasulepo munthu. Oteteza Catherine, motsogozedwa ndi John Fisher, episkopi wa ku Rochester, anayankha ndi Deuteronomo 25:5, pamene munthu amalamulidwa kulowa chokolo ngati mbale wake wamwalira wopanda mwana, monga momwe Arthur anamwalirira. Mulungu sangalamule pena chinthu chimene mwa chikhalidwe chake n'choipa. Motero choletsacho, pa mkazi wamasiye wotere, chinali cha malamulo a Eklezia, ndipo Eklezia imene inachiika ikhoza kuchichotsa. Catherine mwini anaima pa mfundo ina yachidule: iye ndi Arthur sanakhalepo malo amodzi monga mwamuna ndi mkazi, choncho chibale chimene Levitiko amanena sichinayambike n'komwe. Pali chinanso chimene wophunzira malamulo a ukwati ayenera kuchiona. Mu 1527 momwemo Henry anapempha Papa chilolezo choti akwatire mkazi amene mbale wake anagonapo naye, popeza anali atayendapo ndi Mary Boleyn, mbale wa Anne. Mphamvu yomweyo imene ankaikana mwa Julius II ankaipempha kwa Clement VII.

Kadinala Lorenzo Campeggio, nthumwi ya Papa, atafika ku London mu Okutobala 1528, anabwera ndi njira yachidule: mfumukazi ilowe m'nyumba ya masisitere, isunge ulemu wake ndi ufulu wa mwana wake, ndipo Roma aone chochita ndi mfumu. Chitsanzo chinalipo. Mu 1498 Papa Alexander VI ananena kuti ukwati wa Louis XII wa ku France ndi Jeanne sunali ukwati, ndipo Jeanne anakayambitsa chipani cha masisitere. Lero ndi woyera wa Eklezia kuyambira 1950. Catherine anakana. Anakalapa kwa Campeggio, nalumbira kuti anafika kwa Henry ali namwali, nammasula kuti akanene zimenezo kwa Papa. Anati Mulungu anamuitanira ku ukwati, osati ku usisitere. Ena amati uku kunali kuuma mutu kwa Chisipanishi kumene kunatayitsa Eklezia dziko lathunthu. Ine sindiona choncho. Malumbiro a usisitere ochitidwa pofuna kupatsa mfumu njira ndi bodza lonenedwa pa guwa, ndiponso kulowa m'chipani sikumasula ukwati wa Akhristu umene unakwaniritsidwa kale. Onse awiri, mfumu ndi mfumukazi, ankatchula chikumbumtima. Thomas Aquinas Woyera amaphunzitsa kuti chikumbumtima ngakhale cholakwa chimamanga mwini wake, koma sachotsa udindo wofufuza ngati sichinapotozedwe ndi zokhumba zathu. Chikumbumtima cha Henry chinkamuuza zokhazokha zimene mtima wake unkafuna kale. Cha Catherine chinamulanda nyumba, mwana ndi ufulu.

Bwalo linakhala ku Blackfriars mu 1529, oweruza ali Campeggio ndi Kadinala Thomas Wolsey. Pa 21 Juni Catherine sanalankhule kwa oweruzawo. Anadutsa pakati pa bwalo nakagwada pamapazi a mwamuna wake, nadzitchula mkazi wosauka ndi mlendo wobadwira kunja, wopanda bwenzi lodalirika kapena phungu wosakondera m'dziko limene aliyense anali munthu wa mfumu. Anafunsa mfumu kuti inene yokha pamaso pa Mulungu ngati sinampeze ali namwali. Mfumu inakhala chete. Iye anadzuka natuluka, ndipo ngakhale anamuitana katatu sanacheuke. Mawuwo anali okhudza mtima, komanso anali mfundo ya malamulo yokonzedwa bwino: mlendo sangapeze chilungamo pa bwalo la mwini dziko amene ndiyenso wodandaula, motero mlandu upite ku Roma. Mu Julayi Papa anauitanitsadi.

Tsoka lake n'lakuti Roma nayenso sanali bwalo lomasuka. Charles V, mfumu yaikulu ya Spain ndi Germany, anali mwana wa Juana, ndiye kuti Catherine anali mayi ake aang'ono. Mu Meyi 1527 asilikali a Charles anafunkha mzinda wa Roma, ndipo Clement VII anakhala ngati wandende ku Castel Sant'Angelo. Kuyambira pamenepo Papa sakanatha kukondweretsa Henry osakwiyitsa Charles. Anasankha kuchedwetsa, akuyembekeza kuti mwina imfa kapena kutopa kudzathetsa nkhaniyo. Chigamulo chakuti ukwati wa Catherine unali woona chinatuluka pa 23 Malichi 1534. Apo n'kuti Henry atakwatira kale Anne m'seri mu Januwale 1533, nyumba ya malamulo italetsa kale kutengera milandu ku Roma, ndipo Thomas Cranmer, arkiepiskopi wa ku Canterbury, atagamula kale pa 23 Meyi 1533 kuti Catherine sanakhalepo mkazi wa mfumu. Chigamulo cha Roma chinali cholungama, koma chinafika madzi atatayika kale, ndipo kwa Angerezi ambiri chinaoneka ngati mawu a Charles otuluka pakamwa pa Papa. Sitichimwira Eklezia tikavomereza kuti m'busa anazengereza pamene nkhosa inkafuula. Mu Novembala 1534 lamulo linalengeza mfumu kukhala mutu wa Eklezia ku England. Mpingo wa Anglican, umene amishoni ake anafika ku Magomero mu 1861, uli ndi mizu ina yambiri ya chiphunzitso, koma mng'alu woyamba unali umenewu.

Henry anamusiya ku Windsor mu Julayi 1531 osatsazika, ndipo sanaonanenso. Anamusuntha nyumba ndi nyumba, Ampthill, Buckden, kenaka Kimbolton mu 1534, namuletsa kuonana ndi Mary. Analamulidwa kutchedwa mkazi wamasiye wa Arthur; iye sankayankha aliyense womutchula choncho. Apa m'pamene kukhala kwake mlendo kunamuika pa yeso lalikulu. Eustace Chapuys, kazembe wa Charles, ankaona kuti anthu wamba amamukonda ndipo nduna zina n'zokonzeka kuukira ngati mfumukazi itangolola ndipo Charles n'kutumiza asilikali. Mayi amene anasonkhanitsa ankhondo m'chaka cha Flodden ankadziwa bwino kachitidwe kake. Anakana kuti magazi a Angerezi akhetsedwe pa chifukwa cha iye, nati pa zonse zosatsutsana ndi Mulungu adzamverabe mwamuna wake. Magazi anakhetsedwabe: Fisher anadulidwa mutu pa 22 Juni 1535, Thomas More pa 6 Julayi. Mu Okutobala chaka chomwecho Catherine analembera Papa Paul III kumdandaulira kuti achitepo kanthu msanga, ndipo kalatayo imaonetsa munthu wopanikizika pakati pa kumvera ndi kuona anzake akuphedwa. Chapuys atamuyendera masiku otsiriza, funso limene linkamusautsa linali lakuti kodi imfa zimenezo ndi mpatukowo sizinadze chifukwa cha kukana kwake.

María de Salinas, mnzake wochokera ku Spain, anafika ku Kimbolton wopanda chilolezo cha mfumu kudzamudwazika. Usiku wotsiriza, Jorge de Athequa, episkopi wa ku Llandaff amene ankamulapitsa, anafuna kuchita Misa nthawi yomweyo poopa kuti wodwalayo safika m'mawa. Catherine anamukumbutsa kuti lamulo la Eklezia silinkalola Misa kusanache, ndipo anadikira mpaka m'bandakucha. Analandira Ukaristia ndi mafuta oyera, namwalira masana a pa 7 Januwale 1536 ali ndi zaka 50.

Anaikidwa pa 29 Januwale m'tchalitchi la amonke ku Peterborough, ndi mwambo woyenera mkazi wamasiye wa Arthur osati mfumukazi. Henry sanapite ku maliro, ndipo Mary sanaloledwe kupitako. Tsiku lomwelo Anne Boleyn anapita padera, ndipo pa 19 Meyi nayenso anadulidwa mutu. Mary atalowa ufumu mu 1553, nyumba ya malamulo yomwe ija inalengeza kuti ukwati wa mayi ake unali woona kuyambira pachiyambi.