Utsi wabuluu pa galimoto za turbo ku Johannesburg

Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Injini wamba imataya mphamvu ikafika kuno, n'chifukwa chake okonda liwiro, kuphatikizapo amene amapikisana pa bwalo la Kyalami, amadalira turbo, chipangizo chomwe chimazunguzidwa ndi utsi wa injini n'kumakankhira mpweya wochuluka m'masilinda. Koma mpweya ukapepuka, turbo imayenera kuzungulira mwamphamvu zedi kuti igwire ntchito yomwe ikanagwira mosavuta ku Durban. Shafuti yake imazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, itayandama pa oyilo.

Mtundu wa utsi ndiwo umboni woyamba. Wakuda umasonyeza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Woyera wosatha, wonunkhira motsekemera, ndi madzi oziziritsa injini, kawirikawiri chifukwa gasiketi yapsa. Nthunzi ya m'mawa m'nyengo yozizira ya June si vuto. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa.

Apa ndi pamene eni galimoto ambiri amatayira ndalama. Zotchinga oyilo za mu turbo si zalabala ayi, koma ndi timphete tachitsulo tofanana ndi maring'i a pisitoni, ndipo sititha msanga. Oyilo amadutsa pamene paipi yowabwezera m'munsi mwa injini yatsekeka, pamene mpweya wadzadza m'kati mwa injini chifukwa valavu ya PCV yafa, kapena pamene sefa ya mpweya yadzala fumbi. Turbo yatsopano ikamangidwa izi zisanakonzedwe, nayonso imafuka.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba wafunsa nthawi imene utsiwo umatuluka. Ukangooneka poliza injini m'mawa n'kutha, amakayikira zotchinga za mavalavu. Ukabwera galimoto itaima nthawi yaitali injini ikulira, monga pa mdipiti wa galimoto mumsewu wa N1, kenako n'kuchuluka dalaivala akaponda moto, turbo imakayikiridwa. Amachotsa mapaipi a intercooler n'kuona ngati oyilo adikha. Kunyowa pang'ono si kwachilendo. Kenako, injini itazizira, amagwedeza shafuti ndi zala. Kusuntha pang'ono cham'mbali n'kololedwa, koma ikamapita kutsogolo ndi kumbuyo, kapena mapiko ake akamakhula khoma, mabering'i atha ndipo timphete tija tawonongeka nawo.

Akapeza zonsezi zili bwino, amayeza mphamvu ya kupanikiza kwa silinda iliyonse, popeza maring'i a pisitoni akatha amatulutsanso utsi womwewo.