Buku la Ovulala Linayamba Bwanji?

Tauni ya Livingstone inakhala pomwe ili lero chifukwa cha imfa. Azungu oyamba anamanga ku Old Drift, m'mbali mwa Zambezi, koma malungo anawapulula kwambiri. Mu 1905, chaka chomwe mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa, anasamukira pamtunda. Manda awo akadalipo m'paki ya nyama. Anawerenga maliro, naona kuti malowo ndiwo akuwapha.

Kuwerenga ovulala m'zipatala kunabwera mochedwa. Chipatala cha Cook County ku Chicago chinayamba kusunga mbiri ya ovulala pa kompyuta mu 1969: wavulalira kuti, ndi chiyani, wafika nthawi yanji, wachira kapena wamwalira. Njira zawozo zinkafuna makina ndi antchito ambiri, zomwe zipatala zathu zinalibe.

Yankho linachokera ku Uganda m'ma 1990. Dr Olive Kobusingye ndi anzake anakonza Kampala Trauma Score, yomwe imangofuna zinthu zisanu: zaka za munthu, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe, ngati ali maso kapena wakomoka, ndi chiwerengero cha mabala aakulu. Nesi angalembe zonsezi pa pepala limodzi. Ku Lilongwe, chipatala cha Kamuzu Central chinatsegula buku lake la ovulala mu 2008, mothandizana ndi University of North Carolina.

Lipoti la WHO la 2023 likuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo asanu ndi anayi mwa khumi alionse ndi a m'maiko osalemera. Kuno kwathu tikudziwa ngozi zikuluzikulu, monga ya basi ku Chibombo mu February 2013. Koma mnyamata wa ku Maramba wogundidwa ndi motoka ali panjinga, kapena mwana wa ku Dambwa wopsa pa mbaula, samveka pa wailesi. Ngati sanalembedwe bwino kuchipatala, okonza bajeti sadziwa kuti ambulansi, magazi ndi malinunda a pamsewu zikufunika pati.

Malole a ku Kazungula ndi a kumalire a Zimbabwe amadutsa m'tauni muno tsiku lililonse. Mukaperekeza wovulala ku chipatala chachikulu cha Livingstone, nesi akafunsa malo ndi nthawi ya ngozi, musanene kuti akutaya nthawi. Yankhani molondola, tchulani msewu ndi kona yake.