Khonde ndi Khola: Mbiri ya Zokongoletsa Zathu za Khirisimasi

Pa malo onse a nyumba, khonde ndilo loyang'ana kunjira. Mlendo amaodira pamenepo, nkhani za pabanja zimakambidwa pamenepo, ndipo kuno ku Tete, kumene kutentha kwa Novembala kumatitulutsa m'nyumba ngakhale usiku, ambiri timayala mphasa n'kugona pomwepo. N'chifukwa chake Adventi ikayamba, amayi a ku Degue amazira khonde ndi dothi latsopano, amene ali ndi lasimenti amalikolopa n'kupaka laimu m'zipupa, ndipo ana amayamba kufunsa kuti chaka chino tiikapo chiyani. M'masitolo a mumzinda yankho lili kale pa mashelefu: mtengo wapulasitiki, timagetsi tophethira, chidole cha nkhalamba yovala zofiira. Koma Disembala ndi mwezi umene nkhokwe yapepuka, ndalama yapita ku mbewu, ndipo makope ndi yunifolomu za chaka chatsopano cha sukulu zikudikira. Banja lisanakongole ndalama chifukwa cha khonde, ndi bwino tidziwe kumene mwambo wokongoletsawu unachokera, ndi chimene unkafuna kunena.

Umboni wakale kwambiri wa chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye pa 25 Disembala ndi wa ku Roma, m'chaka cha 336. Nthano yake akhristu anali nayo kale m'Uthenga Wabwino wa Luka, amene m'mutu wachiwiri amatchula katatu konse chodyera ziweto chimene Mwanayo anagonekedwamo. Ana a katekisimu amadabwa tikawauza kuti Luka satchula ng'ombe kapena bulu pambali pa Mwanayo. Ziweto ziwirizi akhristu akale anazitenga m'mutu woyamba wa Yesaya, pamene mneneri amadzudzula Aisraele kuti chiweto chimazindikira mbuye wake pamene iwo samuzindikira. Choncho ng'ombe ya m'khola la Khirisimasi imafunsa aliyense woiyang'ana ngati iyeyo wamudziwa Mwanayo.

Khola lenilenilo, monga tikulidziwira lero, timalilondola kwa Francisco Woyera wa ku Assisi. M'chaka cha 1223, patatsala zaka zitatu kuti amwalire, iye anali pa mudzi wa m'mapiri wotchedwa Greccio, ku Italy. Kutatsala masiku 15 kuti Khirisimasi ifike, anaitana mnzake wa m'mudzimo dzina lake Giovanni, namupempha kuti akonze chodyera ziweto, udzu, ng'ombe ndi bulu, chifukwa ankafuna kuona ndi maso ake umphawi umene Mwana wa Mulungu anabadwiramo. Usiku wa chikondwererocho anthu a m'midzi yozungulira anabwera ndi miyuni ndi makandulo. Wansembe anapereka Misa pamwamba pa chodyeracho, ndipo Francisco, pokhala dikoni, anaimba Uthenga Wabwino nalalika. Tomaso wa ku Celano, amene analemba mbiri yake, satchula chifanizo chilichonse pamalopo. Zonse zinali zinthu zimene mlimi wa ku Greccio anali nazo kale kuseri kwa nyumba yake, ndipo chinthu chogula pa malowo chinali mwina kandulo yokha.

Pambuyo pake anthu anayamba kuumba zifanizo, mwambowo nufalikira m'matchalitchi ndi m'nyumba. Ku Portugal unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1700, pamene amisiri onga Machado de Castro ankaumba mazana a tizifanizo tadothi m'matchalitchi a ku Lisboa. Mawu akuti presépio, amene timawamva pa parishi, ndi ochokera ku Chilatini ndipo amatanthauza khola kapena chodyera ziweto. Alimi a ku Algarve ndi ku Madeira anawonjezapo chawochawo: chakumayambiriro kwa Disembala, makamaka pa 8, tsiku la Maria Wopanda Tchimo Lobadwa Nalo, amafesa tirigu m'timbale, ndipo tikamera amatiika mozungulira Mwana Yesu popempha zokolola zabwino. Mlimi wa kuno, amene nthawi yomweyo maso ake ali kumitambo, samafunika kumufotokozera pemphero limenelo.

Ku chigwa cha Zambezi chikhristu chinkabwera ndi kuchoka ngati madzi a mtsinjewo. Gonçalo da Silveira, wansembe wa chipani cha Yesu, anadutsa pa Tete mu 1560 atanyamula chithunzi cha Maria, nafika kwa Mwenemutapa kumapeto kwa Disembala. Mfumuyo inachikonda chithunzicho, inachitengera kunyumba kwake, inabatizidwa, koma pofika Marichi 1561 inalamula kuti wansembeyo aphedwe. Ansembe a Dominiko Woyera anatumikira ku Tete zaka zambiri. A chipani cha Yesu anathamangitsidwa mu 1759, anabweranso patapita zaka zoposa zana nakhazikitsa mishoni ya Boroma mu 1885, kumtunda kwa mzinda wathu m'mphepete mwa mtsinje, kenaka boma latsopano la Portugal la 1910 linawachotsanso. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962 mokha. Tikayang'ana zaka zimenezi tikuona kuti chikhulupiriro chimene chinkangokhala m'nyumba ya mfumu kapena m'mpanda wa mishoni chinkafota wansembe akangochoka. Chinkapulumuka ndi chimene chinalowa m'mabanja.

Makolo athu anaziona zimenezi ndi maso awo. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma linatenga sukulu ndi zipatala za mamishoni mwezi wotsatira, amishonale ambiri anabwerera kwawo, ndipo m'zaka zotsatira matchalitchi ena anatsekedwa. Dzina la Khirisimasi linachoka pa kalendala ya boma, kenaka tsiku la 25 Disembala linatchedwa Dia da Família, Tsiku la Banja, ndipo likutchedwa choncho mpaka lero. Amene anasintha dzinalo ankafuna tchuthi chopanda chipembedzo. Sanadziwe kuti akubwezera chikondwererocho kumene chinayambira, pakati pa bambo, mayi ndi khanda losowa pogona. Mu 1977 Mpingo wa m'dziko muno unasonkhana ku Beira nugwirizana zokhala Mpingo wa timagulu ta akhristu, totsogozedwa ndi akatekisiti ndi akuluakulu osankhidwa pakati pa anthu eniakewo. Kumene wansembe sankafika, akhristu ankapemphera pansi pa mtengo kapena pa nyumba ya mmodzi wa iwo. Khonde linasanduka kachisi.

Kenaka nkhondo inakula. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri mwa iwo ochokera m'chigawo chino, ena anakhamukira mumzinda wa Tete kusiya minda ndi makola. Mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ochuluka anadya Khirisimasi m'zisakasa za eni. Kwa iwo nkhani ya Yosefe wodzuka usiku kuthawitsa mayi ndi mwana kupita ku Ejipito inali nkhani ya dzulo lawo. Tikamamanga khola la udzu pa khonde la nyumba ya njerwa, timakumbukiranso zisakasa zimenezo, ndipo ndi bwino agogo afotokozere adzukulu pamene manja ali m'dothi.

Mtengo wa Khirisimasi sitiunyoza. Unachokera kwa akhristu a m'maiko olankhula Chijeremani, kumene Disembala ndi chisanu choopsa, mitengo yayoyola masamba, ndipo mtengo umodzi wosafota umalankhula za moyo wosatha. Papa João Paulo II anauimika pa bwalo la Petulo Woyera ku Roma mu 1982, pamodzi ndi khola. Koma chizindikiro chimamveka malinga ndi nyengo ya kwanuko. Kuno mtengo umene umatilalikira ndi mlambe: umaima miyezi yambiri wopanda tsamba ngati wouma, mvula ikayandikira n'kuphuka. Amene ali ndi ndalama yogulira wapulasitiki agule, palibe tchimo. Chimene timakana ndi chakuti banja lidzione lopereŵera chifukwa khonde lake silikuphethira ngati la mnansi, kapena lidule ufa wa Januwale pofuna kugula timagetsi ndi mayunitsi a Credelec oti tiziyakira usiku wonse.

Pa 1 Disembala 2019 Papa Francisco anapita ku Greccio nasaina kalata yotchedwa Admirabile signum, yolimbikitsa mabanja kuti asataye mwambo womanga khola, ndiponso kuti lizionekanso kuntchito, m'sukulu, m'zipatala, m'ndende ndi m'mabwalo. Kwa ife malo oonekera anthu ndiwo khonde. Zofunika zonse zilipo. Anyamata athu amadziwa kale kuumba ng'ombe zadothi za linunda ndi nyanga. Aumbe, ndipo mbuzi, zimene Tete amatchuka nazo, zisasowepo, ngakhale Yesaya sanazitchule. Bango la kumtsinje lipange mizati, tsekera likhale denga, chikamba cha dambe chikhale chodyera. Pa 8 Disembala tifese chimanga kapena mapira m'tizitini ta nsomba, pofika Khirisimasi tidzakhala titabiriwira. Chodyeracho chikhale chopanda kanthu Adventi yonse, kuti ana afunse ndipo ife tiwayankhe. Mwanayo amugoneke wamng'ono wa pabanja tikabwera ku Misa ya usiku. Anzeru akum'mawa aime patali kumapeto kwa khonde, azisendera pang'onopang'ono mpaka tsiku la Epifaniya.

Pali zitatu zoti tisamale nazo, ndipo zonse ndi za kwathu konkuno. Dothi losawotcha limasungunuka mvula ikawomba cham'mbali, choncho khola likhale chakukhoma, pansi pa denga. Kandulo ndi udzu wouma sizigwirizana. Iyatsidwe pa nthawi ya pemphero la madzulo yokha, wamkulu ali pomwepo. Ndipo mbuzi zenizeni sizisiyanitsa chimanga cha m'munda ndi cha Mwana Yesu, kotero tizitinito tikwezedwe pa tebulo kapena pa thandala. Khola limakhalapo mpaka chikondwerero cha Ubatizo wa Ambuye, chimene chimatseka nyengo ya Khirisimasi mu Januwale. Pamenepo zifanizo zimene zalimba zikulungidwe m'nsalu n'kusungidwa, zosweka zibwerere kumunda, ndipo khonde lisesedwe kuti ayalepo nkhwani wofutsa.