Njira Zoyenda Pansi M'zigwa ndi M'mapiri a Zambia

Kwa anthu ambiri a m'midzi yathu, kuyenda pansi ndi moyo wa tsiku ndi tsiku: kumunda, kucigayo, kucipatala. Koma pali alendo ocokera maiko akutali amene amalipira ndalama zambiri kuti adzayende pansi m'dziko lino, kutsika m'zigwa, kukwera mapiri ndi kudutsa m'nkhalango. Njira zimene iwo amatsata zili m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo zambiri za izo zinayamba kupondedwa ndi asodzi, alenje ndi amalonda kalekale nkhani ya zokopa alendo isanabwere.

Zigwa za kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya

Njira zochuka koposa zili ku Livingstone, m'cigawo ca kum'mwera, pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mathithi amenewa ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pamene pali patali kwambiri madzi amagwa mamita 108. David Livingstone anawaona mu November 1855 nawapatsa dzina la Victoria, koma a mtundu wa Leya, anthu a Mfumu Mukuni, anali nalo kale dzina lao lakuti Shungu Namutitima. Mu 1989 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo Zambia ndi Zimbabwe amawasamalira pamodzi.

Alendo ambiri amathera pa kanjira ka pamwamba, kamene kamadutsa pa ulalo waung'ono wa Knife Edge moyang'anana ndi mathithi. Kanjira kameneka kali m'kankhalango ka mikuyu ndi kanjedza komwe kamakhala kobiriwira caka conse cifukwa ca nthunzi ya madzi. M'miyezi ya March, April ndi May, pamene Zambezi wadzaza, munthu amatulukamo atanyowa ngati wabvumbidwa ndi mvula ya mkuntho, ndipo mathithiwo saoneka bwino cifukwa ca kuculuka kwa nthunzi.

Njira imene imayesa mphamvu za munthu ndi yotsikira ku Boiling Pot. Imayambira pafupi ndi polowera, nitsetsereka pa masitepe ndi pa miyala mpaka pansi peni peni pa cigwa. Kumeneko madzi onse a Zambezi, atatha kugwa pa mathithi, amapanikizika pa mpata wopapatiza, kenaka amagunda khoma la mwala ndi kuzungulira ngati madzi obwadamuka mumphika. Munthu akaima pamenepo nayang'ana kumwamba amaona ulalo waukulu wa njanji umene unatha kumangidwa mu 1905, uli pa mamita 128 pamwamba pa madzi. Kutsika sikubvuta kweni kweni. Bvuto lili pobwerera, makamaka mu October pamene miyala yakuda ija yatentha. Anyani a m'njirayi anazolowera anthu kotero kuti saopa kulanda thumba la cakudya m'manja mwa mlendo, ndipo nzeru ndi kubisa cakudya conse m'cola.

Zigwa zimenezi zili ndi mbiri yace. Mwala wa kumeneko unapangidwa ndi ciphalaphala ca moto cimene cinatuluka pansi ndi kuuma zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Mwalawo unang'ambika ming'alu, ndipo m'ming'alumo munadzaza dothi ndi miyala yofewa. Mtsinje ukapeza mng'alu wotero umakokolola zofewazo nupanga mathithi. Ukapeza wina kumtunda kwace, mathithi amasamukira kumeneko, ndipo malo akale amatsala ngati cigwa cakuya. Ndico cifukwa cace zigwa za kumunsi zili zokhotakhota: ciri conse ca izo panali mathithi nthawi ina. Cigwa caciwiri ndico cili ndi ulalo wa njanji, cacitatu cili ndi nyumba yopangira magetsi, ndipo kupitirira cacisanu kuli cigwa ca Songwe. Kucoka apo mtsinje umayenda m'cigwa ca Batoka mtunda wopitirira makilomita 100.

M'makoma a Batoka mumamanga zisa mbalame zodya nyama, kuphatikizapo kabawi wosowa kwambiri wochedwa Taita. Mumapitanso maboti a mphira onyamula alendo pa madzi othamanga, nchito imene inayamba mu 1981. Ulendo wa pa boti ukatha, alendo amakwera cigwaco pa miyendo, pamene anyamata a m'midzi yapafupi amasenza maboti ndi katundu yense pa mapewa kukwera njira yomweyo. Mlendo amakwera kamodzi nakasimba kwao kwa zaka zambiri. Anyamatawo amakwera tsiku ndi tsiku, ndipo mabanja ao amadya za nchito imeneyi.

Apa ndipo pali nkhani yaikulu. Maboma a Zambia ndi Zimbabwe, kupyolera m'bungwe la Zambezi River Authority, ali ndi dongosolo lomanga damu m'cigwa ca Batoka, pafupifupi makilomita 50 kumunsi kwa mathithi, lopanga magetsi okwana mamegawati 2,400 oti maiko awiriwa agawane mofanana. Nchitoyi inaperekedwa kwa makampani a General Electric ndi Power China mu 2019, koma mu 2023 boma la Zambia linanena kuti likusiya mgwirizano umenewo. Amene anakhala mumdima maola ambiri pa cilala ca 2024 safuna wina wowafotokozera kufunika kwa magetsi. Komabe madzi a damu akadzabwerera m'mbuyo adzamiza malo ambiri a madzi othamanga ndi njira za pansi pa cigwa, ndipo anthu a m'midzi ya m'mbali mwace ayenera kumvedwa mokwanira nchito isanayambe.

Kalambo ndi njira za kumpoto

Kufupi ndi Mbala, pa malire a Zambia ndi Tanzania, mtsinje wa Kalambo umagwa kamodzi kokha mamita opitirira 200, ndiko kuti kuwirikiza kawiri Mosi-oa-Tunya, ngakhale kuti ndi wocepa m'lifupi. Ucoka apo nuyenda m'cigwa cakuya mpaka ku nyanja ya Tanganyika. Munthu angathe kufikako pa galimoto kucokera ku Mbala, koma oyenda pansi amakonda kuyambira m'mphepete mwa nyanja, atabwera pa boti kucokera ku Mpulungu, ndi kukwera citunda kwa maola angapo. M'nyengo ya cilimwe adokowe akuluakulu amamanga zisa m'makoma a cigwaco.

Kalambo ndi wodziwikanso kwa akatswiri a mbiri yakale. J. Desmond Clark anayamba kufukula kumtunda kwa mathithiwa mu 1953. Mu 2023 akatswiri otsogozedwa ndi Larry Barham wa ku yunivesite ya Liverpool analengeza kuti anapezako mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa zaka pafupifupi 476,000 zapitazo, cinthu cakale koposa comangidwa ndi mitengo cimene cinapezekapo pa dziko lapansi. Woyenda m'mbali mwa mtsinje umenewu akuponda pamene amisiri oyamba anapalapo matabwa.

Kwa oyenda pa mseu wa Great North, pali mathithi a Kundalila m'boma la Serenje, pamene mtsinje wa Kaombe umatsika pa mapiri a Muchinga. Kanjira kotsikira ku dziwe la pansi ndi kakafupi koma koterera m'dzinja. Kupitirira pang'ono, kulinga ku Mpika, kuli Mutinondo, dera la nkhalango ya miombo, madambo ndi mapiri a mwala umodzi, lalikulu mwa iwo lochedwa Mayense. Kumeneko munthu angayende masiku angapo akugona m'matenti. Mapiri a Nyika mbali yaikulu ili m'Malawi. Kacigawo ka Zambia ndi kakang'ono, kali ndi nkhalango yakale ya Chowo, ndipo mseu wofikirako umadzera ku Malawi.

Cigwa ca Luangwa

Kwa anthu a kum'mawa, kuyenda pansi pakati pa nyama zakuthengo kunayambira pakhomo pao. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kupatula malo osungiramo nyama, ndalama za alendo zipite kwa anthu a mfumuyo. Carr ndiye anachukitsa maulendo oona nyama pa miyendo, osati pa galimoto, ndipo anakhala m'cigwamo mpaka imfa yace mu 1997. South Luangwa, malo okula masikweya kilomita 9,050, inakhala paki ya dziko mu 1972.

Malamulo a kumeneko ndi okhwima, ndipo mpake. Gulu limakhala la anthu ocepa, limayenda pa mzere umodzi, patsogolo pali msilikali wa nyama wonyamula mfuti ndi wolondolera wophunzitsidwa. Asilikali amenewa ali pansi pa dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakuthengo, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Maulendowa amacitika kwambiri kuyambira June mpaka October, udzu utauma kuti njobvu kapena njati ioneke ikali patali. Amanyamuka m'mamawa, dzuwa lisanakwere, atabvala zobvala zosawala. Wolondolera akanena kuti imani, onse amaima, ndipo palibe wololedwa kuthawa ngakhale mkango uli pafupi.

Zoyenera kudziwa asananyamuke

Nyengo yabwino ku njira zonsezi ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha ndipo kutentha kusanafike. Nsapato zikhale zogwira pa mwala, madzi akumwa akhale okwanira ulendo wopita ndi wobwerera, ndipo wina wotsala adziwe kumene mwapita popeza m'zigwa zambiri foni sigwira. Kusamba m'Zambezi, m'Luangwa kapena pa matsiriro a mitsinje ya ku Tanganyika popanda kufunsa eni dera ndi kudziika m'kamwa mwa ng'ona. Pa Mosi-oa-Tunya, Kalambo ndi Kundalila, malo amene ali m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, pamakhala ndalama yolowera, ndipo nzika za Zambia zimalipira zocepa kusiyana ndi alendo akunja. Conco pokalowa ndi bwino kunyamula citupa ca NRC.