Bwalo Lopanda Apolisi

Mu 2004 khoti lalikulu la ku Johannesburg linamva mlandu wosazolowereka. Bambo wina Myuda, banja lake litasokonekera, anagwirizana ndi mkazi wake kuti nkhani ya ana ndi ndalama zowasamalira ikaweruzidwe ku Beth Din, bwalo la chipembedzo chawo. Chigamulo chitatuluka, bamboyo anachikana. Akuluakulu a bwalolo anaganiza zomusala, kuti asawerengedwenso pakati pa opemphera m'sunagoge. Iye anathamangira ku khoti la boma kuti liwaletse, koma khotilo linakana. Linaona kuti gulu la chipembedzo lili ndi ufulu wosankha amene lipemphera naye.

Beth Din m'Chiheberi ndi "nyumba ya chiweruzo". Ilibe apolisi, ilibe ndende, komabe yakhala ikuweruza ngongole, malonda, malipiro ndi maukwati kwa zaka mazanamazana m'maiko amene Ayuda sanali olamulira. Oweruza amakhala atatu. Mishna, buku la malamulo awo lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, limalola kuti wodandaula asankhe woweruza mmodzi, woyankha asankhe wina, ndipo wachitatu apezeke mogwirizana. Njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa wogonja sanganene kuti anam'tchera msampha. Kawirikawiri oweruzawo amayamba ayesa kugwirizanitsa anthuwo asanagamule. Woitanidwa katatu osabwera amalembedwa kalata yoti ndi wokana bwalo, ndipo manyazi ake ndiwo chilango. Pa za boma, mphunzitsi wawo Samuel wa ku Babulo anakhazikitsa kalekale mfundo yoti lamulo la dziko limene akukhalamo nalonso liwamanga. Masiku ano okangana amasaina kaye chikalata chovomera kuti bwalolo liwaweruze, kotero khoti la boma lingathe kukakamiza chigamulocho, monga zimachitikira ku England pansi pa lamulo la 1996.

Zambia inakhalapo ndi Ayuda ake. Elie ndi Harry Susman, ochokera ku Lithuania, anafika ku Barotseland mu 1901 kudzagula ng'ombe, ndipo m'ma 1950 Ayuda anakwana pafupifupi 1,000, ndi masunagoge ku Livingstone, ku Lusaka ndi ku migodi. Ambiri anachoka ufulu utabwera. Koma bwalo lopanda apolisi ife kuno ku Chipata sitinaliphunzire kwa iwo. Ana a m'kalasi yanga ya mbiri ndikawafotokozera za Beth Din, amene anakulira kumudzi ndiwo amamva msanga.

Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 ndi kumanga Fort Jameson, milandu ikuluikulu inapita kwa bwanamkubwa wa boma. Koma ng'ombe yodya mmera wa mnzako, malire a munda, chimalo ndi chigololo zinapitirira kukambidwa pansi pa mtengo, pamaso pa nyakwawa ndi nduna, ngakhale kuti boma silinazindikire mabwalowo. Linadzawavomereza mu 1929, litaona kuti mzungu mmodzi sangathe kumva milandu ya dera lonse. Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika pa Magwero mu 1899, anawonjezera bwalo lachitatu. Akulu a mpingo ankatsamira pa 1 Akorinto 6, pamene Paulo adzudzula okhulupirira otengerana kwa oweruza akunja, ndipo chilango chawo chinali kuimitsa munthu pa Mgonero. Kusiyana kwake ndi zimene zinagwera bambo wa ku Johannesburg uja n'kochepa.

Mu 1966 lamulo la ma Local Court linachotsa makhoti ovomerezeka m'manja mwa mafumu n'kuwaika pansi pa nthambi yoweruza ya boma. Mabwalo a m'midzi sanafe. Mpaka lero wopita ku khoti asanadzere kwa ankhoswe kapena kwa anyakwawa amaoneka ngati wodula ubale. Ndipo n'zomveka: bwalo la kwanu ndi lapafupi, silidya ndalama zambiri, limalankhula chilankhulo chako, ndipo limadziwa kuti mawa mudzakumananso pamaliro.

Pamene pandivuta ine ndi pa kuvomera paja. Mphamvu yonse ya bwalo lotere ili pa mawu akuti onse awiri anabwera mwakufuna kwawo. Nanga mkazi wamasiye amene alamu ake, apongozi ake ndi oweruza ake onse ndi a mudzi umodzi, angakane bwanji? Ayuda ali ndi bala lawo pamenepa. Mwa lamulo lawo ukwati umatha pokhapokha mwamuna akapereka kalata yachilekaniro yotchedwa get, ndipo ayenera kuipereka mwakufuna kwake. Akakana, mkaziyo amakhala womangika, sangakwatiwenso m'chipembedzo, ngakhale khoti la boma litawalekanitsa. Amuna ena aigwiritsa ntchito ngati chingwe chokokera chuma ndi ana. South Africa inachita kulowererapo mu 1996, pamene inapatsa makhoti mphamvu yokana kuthetsa ukwati mpaka wokanayo atamasula mnzake m'chipembedzo. England inatsatira mu 2002.

Kwathu bala linali kulanda katundu wa amasiye, nthawi zambiri pamsonkhano wa banja womwe aliyense ankautcha mwambo. Lamulo la 1989 la chuma cha womwalira wosasiya wilo linaika manambala poyera: ana 50 peresenti, wamasiye 20, makolo 20, odalira ena 10. Koma lamulolo silikhudza malo a mwambo, ndiye kuti munda umene mayi walima zaka makumi awiri ku Mtenguleni kapena ku Chiparamba umabwerera ku bwalo lomwe lija. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, pa Gawo 118 amalimbikitsa mabwalo a mwambo malinga ngati saphwanya ufulu wa munthu. Woyamba kuona ngati ufuluwo waphwanyidwa ndi mayi yemweyo, atakhala pamphasa, alamu ake ali pamipando.